Amalume Che Jafali, thumba lawo ndi madzi omaliza

Amalume anga, Che Jafali, tinawaika mwezi watha, ndipo ndinene mosabisa: chiwaikireni ndikugona tulo tabwino. Anthu ena atandiona ndikuseka pa sadaka anayamba kugwirana m'nthiti, poti malemuwo anali alongo awo a mayi anga, ndipo ndiwo anandilera kuno ku Chitungwiza, m'dziko la Zimbabwe. Chisoni ndili nacho, asandinamizire. Koma chimene chadzaza mumtima mwangamu ndi mpumulo, chifukwa chinthu chimene mkulu uja ankachiopa zaka zonse zomaliza za moyo wawo sichinachitike. Ankaopa kuti akadzamwalira anthu adzanyansidwa ndi thumba la pamimba pawo, n'kuwakulunga m'sanda osawasambitsa bwino. Imfa yeniyeniyo sankaiwerengera n'komwe.

Kuti mumvetse mantha amenewa muyenera kudziwa ntchito yawo. Ya malipiro inali ya ukhukhi. Anachoka kwawo ku Mangochi ali mnyamata, nthawi imene anthu ankabwera kuno wapansi kudzera ku Tete, ndipo anaphikira azungu m'mayadi mpaka mutu unachita mbuu. Koma ntchito imene ankadziwika nayo inali yosambitsa maliro. Msilamu wamwamuna akamwalira ku Zengeza 2 kumene ankakhala, kaya ku Zengeza 4, kaya ku Unit A, uthenga unkayamba wafika kwa Che Jafali usanafike ngakhale kwa Shehe. Ankanyamula kachikwama kawo ka sopo, thonje, kamfa wonunkhira uja ndi tinsalu toyera, n'kumapita osafunsa ngati malemuwo ankagwirizana nawo. Ambiri sankagwirizana nawo.

Pajatu amalume anali munthu wovuta, ndikunena ine amene ndinadya m'manja mwawo. Ukhondo wa kukhitchini ya azungu anabwera nawo kunyumba n'kuusandutsa chikwapu. Mlendo ankamuyang'ana zikhadabo asanamupatse moni. Kapu ankayamba aiunika pazenera asanamweremo. Akazi awo, Abiti Sumani, anakhala nawo pabanja zaka zosawerengeka akukangana za nkhani imodzi yokha, yoti kansalu kopukutira mbale kazipachikidwa pati. Azakhaliwo nawonso sanali ogonja. Ankakapachika dala pampando, n'kumadikira phokoso uku akusenda anyezi. Achinyamata obadwira kuno akawayankha m'Chishona, amalume ankangotembenuza mutu ngati sanamve, chikhalirecho Chishonacho ankachidziwa mpaka kukalipira nacho kondakitala wa basi ya ku Harare.

Koma ukali wonsewo unkathera pakhomo la chipinda cha maliro. Ankalowa m'menemo ali munthu wina. Ankati maliro amamva madzi: wamoyo ukamuthira ozizira amadandaula yekha, koma wakufa alibe pakamwa, choncho womusambitsa ndiye ayenera kumumvera kuzizirako. Madzi ankawayesa ndi chigongono. Ankalankhula ndi malemu motsitsa mawu, kumuuza kuti tsopano tikukwezani mutu, tsopano tikutembenuzani. Ine ntchito yanga masiku amenewo inali yongotunga madzi ndi kugwira nsalu yophimba, ndipo ndinkadabwa kuti ulemu wonsewu amausungira anthu oti sangawathokoze.

Matenda anayamba patangopita chaka chimodzi kapena ziwiri dziko lino litalandira ufulu. Anayamba kudzimbidwa, kenaka magazi, kenaka malaya anayamba kuwakulira. Anabisa mpaka Abiti Sumani anandiitana n'kundiuza kuti ngati sindiwatengera kuchipatala, iwo awamanga ndi chitenje awakokere okha. Kuchipatala chachikulu ku Harare anapeza chotupa m'matumbo. Anadula mbali yowonongekayo, njira yakale yopitira kuchimbudzi n'kuitseka, ndipo nsonga ya matumbo otsalawo anaitulutsira pamimba, kumanzere, m'munsi pang'ono mwa mchombo. Kuyambira pamenepo zonse zinkatulukira pakabowo kameneko n'kugwera m'thumba la pulasitiki lomatidwa pakhungu.

Dokotala anali atawafotokozera zonsezi asanawagoneke, amalume n'kumagwedeza mutu monga amachitira achikulire akafuna kuti mwana amalize msanga. Atatsitsimuka n'kuvundukula bulangete, anaona kanyama kofiira psuu, konyowa, kofanana ndi m'kati mwa tsaya. Anaphimbanso n'kutembenukira kukhoma. Anakana kulankhula, anakana kudya, ndipo anamwino akamakhuthula thumbalo iwo ankatsinzina ngati si mimba yawo.

Amene anawatha anali sisitala wina wachishona, mayi wachikulire wosaseka chisawawa. Tsiku lina ndilipo anawaikira beseni pamiyendo n'kuwauza kuti, "Sekuru, ini handisi kuenda nemi kumba. Tarisai kuno mudzidze." Ankawauza kuti iye sapita nawo kunyumba, ayang'ane aphunzire. Kenaka sisitalayo anatembenukira kwa ine n'kunena kuti palibe kanthu, aphunzitsa akazi awo, popeza nkhalamba zambiri manja awo sathanso ntchito yaukhondo. Mawu amenewo ndi amene anawadzutsa. Munthu amene anasunga khitchini ya mzungu yopanda ntchentche auzidwe kuti satha ukhondo? Anakhala tsonga n'kunena kuti awapatse sizasi yodulira bowo la thumbalo.

Atabwerera kunyumba anachita cholakwa choti wina aliyense sakanachichita. Kwa iwo chinthu choyera chinali chimene chakwechedwa mpaka kulira. Ndiye khungu lozungulira kabowo kaja ankalikwecha ndi sopo wochapira zovala, n'kuthirapo mankhwala a m'botolo okolopera pansi. Sipanatenge nthawi khungu linasupuka, thumba linaleka kumata, zinayamba kudontha, iwo n'kuonjezera kukwecha poganiza kuti vuto ndi litsiro. Titabwerera nawo kuchipatala, sisitala uja anawakalipira pamaso pa odwala onse. Anati madzi ofunda okha ndi kansalu kofewa basi, ndipo poumitsa azingogunda pang'onopang'ono, asamatikite. Amalume anangoti zyoli. M'moyo wanga wonse sisitala ameneyu ndi munthu yekhayo amene ndinawaona akumumvera.

Khungu litapola, ntchitoyo anaigwira mwaluso loti ukanakhala ndi mtima woonerera ukanasirira. Sankadikira kuti thumba lidzaze, ankati likalemera limadzikoka lokha pakhungu. Lisanafike ndi theka lomwe ankanyamula ketulo ya madzi ofunda n'kupita kuchimbudzi. Ankagwada pa thumba la ufa lopindidwa, n'kuyamba aponya pepala m'madzi a m'chimbudzimo kuti zisathovukire. Kenaka ankakweza mchira wa thumba, kuchotsa kopanira, kutsitsa mchirawo, n'kumasenderezera pansi ndi zala kuchokera pamwamba. Akatero ankathira madzi a m'ketulo kutsukuluza m'kati, kupukuta kukamwa kwa thumba kunja ndi m'kati momwe, n'kupananso. Manja ankasamba mpaka m'zigongono.

Kusintha thumba lonse ankachita m'mawa asanamwe tiyi, mimba ikadali phee. Ankamatula pang'onopang'ono, dzanja lina likugwira khungu kuti lisakokeke. Tsitsi la pamimba ankalimeta kuti zomatira zisazule. Bowo la thumba latsopano ankalidula ndi kasizasi kawo molingana ndendende ndi kanyama kaja, chifukwa likakula zonyansa zimadya khungu, likachepa limapana nyama. Akamata ankagwirapo ndi chikhatho kanthawi kuti kutentha kwa dzanja kugwiritse. Matumba akasowa kukiliniki, poti masiku amenewo zinkachitika, ankachapa akale n'kuyanika m'kati mwa chimbudzi, osati pachingwe pomwe anthu aone. Abiti Sumani anawasokera lamba ndi kachikuto ka nsalu kuti pulasitiki isamawatulutse thukuta. Amalume anati msoko wake ndi wokhota, koma anavala mpaka kanatha.

Fungo panalibe. Ndikunena ine amene ndinkakhala nawo pamphasa imodzi. Koma iwo ankalimva paliponse, ndipo vuto lalikulu silinali la mphuno. Msilamu asanaswali amadziyeretsa ndi madzi, timati wuzu, ndipo wuzuwo umawonongeka munthu akapita kuchimbudzi kapena akatulutsa mpweya. Tsono kabowo ka pamimba kalibe chitseko. Kamagwira ntchito nthawi imene kafuna, mwini wake osamva kanthu, mwina ndi phokoso lomwe. Amalume anawerengera okha n'kupeza kuti iwo sadzakhalanso oyera mpaka kufa. Analeka kupita kumzikiti. Kachikwama kaja anandipatsa ine, osandiyang'ana kumaso, nati wodetsedwa sangayeretse mnzake.

Shehe wathu, bambo wachinyamata wofatsa amene anaphunzira kunja, anabwera kudzawaona. Anawafotokozera kuti chipembedzo chili ndi chilolezo kwa munthu amene matenda samulola kudzigwira: akhuthule thumba, apange wuzu nthawi ya swala iliyonse ikakwana, aswali, ndipo zotuluka pambuyo pake sizimuwerengedwa. Anati ngakhale maliro angathe kusambitsa. Amalume anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anamuuza kuti iwo akufuna lamulo osati chifundo, ndiponso kuti agogo ake a Sheheyo anawasambitsa ndi iwo mwini wakeyo akadali m'matewera. Shehe anamwa tiyi wake, n'kutsanzika mwaulemu. Abiti Sumani anawakalipira mpaka dzuwa kulowa, koma mutu wa amalume unali gwa.

Chaka chinatha, china n'kulowa, ali m'nyumba. Maliro akachitika tinkakatenga mkulu wina ku Mbare pa basi. Amalume ankangofunsa ali pampando kuti madzi anafunditsa kodi, kamfa anaika kodi, ndikayankha ankangoti mm. Anaonda ndi maganizo kuposa mmene anaondera ndi chotupa. Lamlungu lina masana tili awiri, anandiuza chimene chinkawadya.

"Dauda, ine ndasambitsa anthu ambiri," anatero. "Ndimadziwa zimene amoyo amachita akaona chinthu choti sanachionepo. Amathira madzi mothamanga, maso ali kumbali, n'kukulunga. Manje ine ndidzapita choncho, ndi pulasitiki yanga, ngati nyama ya kubutchala."

Ndinawauza kuti sizingatheke, ine ndilipo. Anandifunsa ngati ndinaionapo mimba yawo chichokereni kuchipatala. Ndinali ndisanaionepo.

Chimene chinawatulutsa m'nyumba si Shehe, si mkazi, si ine. Ndi mkwiyo wawo womwe uja. Unali mwezi wa Okotobala, dzuwa likuswa mtengo, pamene Che Matola anamwalira ku Unit A. Ameneyu anali mlonda wa pafakitale, mtchona wopanda mkazi, wopanda mwana, wochita lendi kachipinda ka kuseri kwa mayi wina wachishona. Anabwera kuno ulendo umodzi ndi amalume, wapansi, akugawana chimanga chokazinga. Ife timaika tsiku lomwelo, ndipo ndi kutentha kumene kuja panalibe zodikira. Shehe anali atapita kumafamu, woti abwera madzulo. Mkulu wa ku Mbare anali ku Malawi. Tinatsala atatu: ine wotunga madzi, ndi anzanga awiri a kumzikiti, Isa ndi Hamisi, amuna a ndevu zawo koma oti sanagwirepo maliro.

Abiti Sumani ndiwo anakonza msampha. Anawauza amalume kuti palibe akuwapempha kusambitsa, koma ndi manyazi kuti munthu amene anaoloka naye Zambezi apite iwo ali pampando kunyumba. Apite akangokhala panja. Amalume anavomera, nabwereza kangapo kuti salowa. Titafika anawaikira mpando pansi pa zenera la kachipindako, ife atatu n'kulowa m'kati n'kutseka chitseko.

Tisanayambe n'komwe, mawu analowa pazenera kufunsa ngati madzi tafunditsa. Hamisi, amene anali atangotunga pampopi, anavomera m'Chishona kuti, "Hongu, sekuru." Amalume anati n'zodabwitsa, chifukwa iwo pulayimasi sanaimve ikulira. Tinayatsa pulayimasi. Anafunsa ngati nsalu yophimba yafika m'mawondo, ngati dzanja ndakulunga, ngati tayambira kumanja. Tinali titayambira kumanzere. Ndinkamva mpando ukulira panjapo, munthu akusowa pokhala.

Pali gawo lina posambitsa pamene timakweza malemu pang'ono n'kusisita pamimba mofewa, kuti zotsalira zituluke asanayeretsedwe. Anthu akunja amakokomeza nkhani imeneyi, amati Asilamu amafinya maliro, ndipo Isa anakula akusekedwa nazo kusukulu mpaka anazikhulupirira. Ndiye anaika manja onse awiri pamimba pa Che Matola, n'kuimirira pa zala, n'kundifunsa kuti, "Ndodzvanya nesimba here?" Ankafunsa ngati akanikize ndi mphamvu.

Panja mpando unagwa. Chishona chimene amalume sankachimva chija anachimva bwino lomwe tsiku limenelo.

"Chotsa manja ako pamenepo," anatero pazenera. "Asamukhudze munthu. Ndikubwera."

Koma sanalowe nthawi yomweyo. Tinawamva akupempha mayi mwini nyumba kuti awaonetse chimbudzi ndi kuwapatsa madzi ofunda m'ketulo. Munthu amene ankabisa thumba lake ngakhale kwa ine anadutsa pakati pa amayi onse amene anakhala pabwalo, ketulo ili m'manja, nakakhuthula m'chimbudzi cha eni ake. Atatuluka anapanga wuzu pampopi anthu akuona. Kenaka analowa, manja a malaya atapinda, n'kutikankhira kumbali osatiyang'ana. Anagwira Che Matola paphewa n'kuwauza kuti pepani achimwene, anawa sadziwa, ndabwera.

Ntchito inayenda ngati sanaisiyepo. Tili m'kati, akuthira madzi a mbali ya kumanja, mimba yawo inalira. Linali phokoso lalitali, losabisika, m'kachipinda koti ngakhale kupuma kumamveka. Tonse tinauma. Ndinaona dzanja lawo litaima m'malere ndi kapu ya madzi, ndipo mtima wanga unati basi, atuluka, sitidzawaonanso kunja. Anaika dzanja lina pathumba, nayang'ana nkhope ya mnzawo nthawi yaitali.

"Che Matola, ndi mmene ndililimu masiku ano," anatero motsitsa. "Mundipirire, titsirize."

Anathira madziwo. Anatsiriza zonse, mpaka kamfa, mpaka kumanga sanda. Madzulo Shehe atafika, amalume anaima pamzere woswalira maliro pamodzi ndi ife. Lachisanu lotsatira anatulukira kumzikiti atavala mkanjo wawo woyera, n'kuuza Shehe kuti nkhani ija aiganizira okha ndipo apeza kuti lamulo likuwalola. Shehe anati ndi nkhani yabwino kwambiri, ndipo sanaseke mpaka amalume atatembenuka.

Mukanaganiza kuti mantha aja anathera pamenepo, koma ayi. Anaona ndi maso awo anthu amene adzawasambitse, ndipo zimene anaonazo sizinawasangalatse. Loweruka lina m'mawa anatiitana atatu tonse, tiyi asanamwe. Anatseka chitseko cha kuchipinda, nakhala pabedi, nakweza malaya. Isa maso ake anathawira kudenga.

"Yang'ana kuno," anatero amalume. "Ngati ukufuna kunyansidwa, nyansidwa lero ndili moyo, ndikutukwane zithe. Tsiku lijalo sindidzakhala ndi pakamwa."

Aliyense wa ife anamatula, anapukuta, anadula bowo, anamata. Hamisi anatuluka panja kukapuma mpweya, atabwerera amalume anamuyambitsanso poyamba. Ine ndinadabwa kuona kuti kanyama kaja si bala, sikapweteka, ndi thupi basi. Kenaka amalume anagona chagada pabedipo ngati malemu, n'kutilangiza za tsiku lawo. Anati tidzayambe takhuthula thumba monga mwa masiku onse, ndiye tidzalichotse. Pamimba tisadzakanikize, tidzangosisita ndi zala, kansalu kali pakabowo. Tidzatsuke pamenepo ndi madzi ofunda mpaka payere, tidzaikepo thonje, tidzamange ndi nsalu yoyera, kenaka tidzawasambitse ngati munthu wina aliyense. Pulasitiki isadzalowe m'sanda. Atatha anadzuka n'kufunsa kuti tiyi uja ali kuti.

Phunziro limeneli ankalibwereza chaka ndi chaka Ramadani ikatha, ndipo palibe chaka chimene tinakhoza. Nthawi zonse pankapezeka cholakwa: bowo lakula, madzi atentha, Isa wapuma mokweza. Koma kuyambira pamenepo anayamba kunenepa. Anatenganso kachikwama kawo, ndipo maliro onse ankapita nafe, iwo kumutu ife m'mbali. Kumzikiti ankakhala kumapeto kwa mzere pafupi ndi khomo, mimba ikalira palibe ankatembenuka, kupatula ana, amene amalume ankawatong'olera diso mpaka ankaiwala kuseka. Nyemba, kabichi ndi mazira ankadziwa kuti zimadzaza thumba ndi mpweya, maputi ndi mtedza zimatseka njira, koma nyemba kuzisiya anakana. Anangolamula kuti Lachinayi m'nyumbamo musamaphikidwe nyemba, kuti Lachisanu anthu aswali mwamtendere. Abiti Sumani akakwiya nawo ankaviika nyemba Lachitatu madzulo pamalo oonekera.

Mbiri inamveka. Tsiku lina kunabwera mayi wa mvano wa ku Zengeza 4, wa makolo a ku Dedza, kudzapempha kuti amalume akaone mwamuna wake amene anatuluka kuchipatala ndi thumba lomwelo ndipo ankangofuna kufa. Amalume anapita. Sindikudziwa kuti mayiyo ankayembekezera mawu otonthoza otani, koma amene anamveka mpaka kumsewu anali ofunsa bamboyo ngati manja ake anadulidwa pamodzi ndi matumbo. Kenaka anatseka chitseko n'kuyamba kumuphunzitsa kusamala thumbalo. Bambo ameneyo alipo mpaka lero, amagulitsa matayala akale, ndipo pamaliro a amalume anakumba nawo manda.

Chotupa chinabwerera chaka chino, ulendo uno ku chiwindi. Madokotala anati palibenso chodula. Miyezi yomaliza manja awo analibe mphamvu yogwira sizasi, choncho tinkasinthana, ine, Hamisi, Isa ndi azakhali. Ankagona maso ali tong'o kuyang'ana dzanja lililonse, ndipo mawu atayamba kutha ankadzudzula ndi nsidze. Tsiku lina Isa akumata thumba, amalume anayang'ana ntchito yake n'kutsinzina osanena kanthu. Isa anatuluka panja misozi ili m'maso, nandiuza kuti mdala wakhutira, ndiye kuti watsala pang'ono. Ananena zoona. Anamwalira m'mawa wa tsiku lachiwiri lake, dzuwa litatuluka, ali aukhondo.

Tinawasambitsa atatu tomwe aja, Shehe akutithirira madzi. Zimene munthu waona posambitsa maliro sazinena kunja, ndipo ine sindiphwanya mwambo umenewo pa munthu amene anandiphunzitsa. Ndingonena kuti zonse zimene analamula zinachitika, chimodzichimodzi, ndipo palibe amene anafulumira. Panalibe wotikalipira, koma tonse tinkagwira ngati tikumva mawu awo kumbuyo kwathu.

Nditatsegula chitseko ndinapeza Abiti Sumani ataima pomwepo, atakana kukhala pansi ndi amayi anzawo. Chimwalirireni amuna awo anali asanagwetse msozi, ndipo anthu anali atayamba kale kudabwa. Anandigwira mkono.

"Dauda, mwatha bwino?"

"Tatha bwino, azakhali."

"Zonse?"

"Zonse."

Anapuma mpweya wautali, nandisiya mkono. "Ndiye tsopano ndingalire," anatero, n'kukhala pansi pakhomo pomwepo. Nanenso m'pamene mapewa anga anatsika, ndipo ndinazindikira kuti katundu ameneyu tinamusenza tonse zaka zonsezi.

Dzulo ndinapita ku Zengeza 2 kukawaona azakhali. Kuseri kwa nyumba, pakati pa mpopi ndi chimbudzi, pali kamalo ka simenti kamene amalume anaika okha kuti asamaponde matope akamachokera kokhuthula thumba. Kanachita kusalala n'kulowa m'kati chifukwa chokolopedwa m'mawa uliwonse. Tsopano pauma gwa. Masamba a gwafa wa oyandikana nawo agwerapo, nyerere zadula njira pakati, ndipo nkhuku ya eni ake inali itakhalapo ikudzikanda mopanda mantha. Ndinayang'anayang'ana tsache, koma azakhali anandiletsa ali pakhomo la kukhitchini.

"Pasiye kaye," anatero. "Mwini wake anapita woyera. Pano pangade pang'ono."